Uthenga Wopita ku Langebaan

Disembala iliyonse bwana William amamanga matabwa pamwamba pa galimoto n'kupita ku Langebaan, kunyanja yamchere, kukasewera ndi mphepo. Amaimirira pa thabwa atagwira thanga, mphepo n'kumawakoka pamadzi, munthu wa imvi zake. Ife a ku Actonville, kuno ku Joni, tinkaseka kuti azungu akakhuta amasaka pofera. Wonyamula matabwawo, kumanga matanga ndi kuwatsuka mchere anali msuweni wanga Che Dauda, wa m'gadeni mwawo.

Chaka chatha atangokhalako sabata imodzi, mkazi wa Che Dauda, mlamu wanga Asiyatu, anagwa Lachinayi m'mawa akukazinga samusa zogulitsa. Pofika kuchipatala anali atatisiya.

Kwa ife Asilamu maliro sachedwa. Shehe anavomera kudikira mpaka Loweruka masana kuti mwamuna adzatsitse yekha mkazi wake m'manda. Ndinatulutsa foni, koma Che Umar, mkulu wathu kuno ku Joni, anandigwira dzanja.

"Ashraf, munthu ali yekha pakati pa alendo, nyanja ili pafupi, sumuuza kuti mkazi wamwalira. Umuuze kuti matenda akula. Ndi mmene timachitira."

Ndinaimba. Mphepo inkalira m'fonimo moti mawu ankangoduka.

"Achimwene, alamu adwalika. Matenda akula, bwerani."

"Eish. Ndiyankhule ndi abwana."

Patapita ola anaimba. "Akuti pepani kwambiri, koma mphepo imene akhala akuidikira yayamba lero. Tinyamuka Loweruka, Lamlungu tafika. Akudya koma?"

"Ali chomwecho," ndinayankha. Che Umar anali pambali panga akugwedeza mutu kuti ndachita bwino.

Lachisanu ndinagwira foni kangapo, n'kuibwezera m'thumba. Ndinkaopa Che Umar, koma chachikulu ndinkaopa kumva munthu wamkulu akulira ine ndisali pafupi. Ndinadzinamiza kuti Che Dauda ndi wakwathu, mawu amenewa amawadziwa tanthauzo lake. Munthu wokonda mkazi wake amamva zimene akufuna kumva.

Tinaika Loweruka. M'mandamo ndinalowa ine ndi alongo ake awiri a malemu. Ndege zinkadutsa pamwamba pathu zikukatera, ndipo shehe ankayamba wadikira kuti phokoso lithe. Ndinalira, ndipo theka la misoziyo linali la manyazi.

Lamlungu masana galimoto inaima pageti la nyumba ya Che Dauda, matabwa akadali pamwamba, fumbi lokhalokha. Che Dauda anazungulira kumbuyo kukatsitsa katundu. Bwana William ataona nsapato zambirimbiri pakhomo anandikodola, ndipo ndinawanong'oneza za malirowo m'Chizungu. Anagwira m'mutu.

"Lachinayi? Bwanji simunanene? Ndikanamukweza ndege tsiku lomwelo. Ndi maola awiri okha."



Che Dauda anatulukira atakumbatira chigubu cha malita asanu, nkhope itasuwa ndi mchere. Pansi pa chigubucho panali timchenga.

"Madzi a m'nyanja awa," anatero. "Amayi ena a Chikhosa amene amakonza m'nyumba imene tinkagona akuti amathandiza odwala. Ndakatunga dzulo m'mamawa, patali ndithu, poyera." Anayang'ana nsapato zija, kenako ine. "Anthu abwera ambiri kudzazonda. Amutulutsa kuchipatala?"