Thabwa la Pakati pa Holo

Ine ndine kalipentala, ndipo zovina sindinazikondepo. Ngakhale tsiku la ukwati wanga ndinangogwedeza mapewa kawiri basi, mpaka lero mkazi wanga amandiseka nazo. Koma Mulungu ali ndi nthabwala zake, anandipatsa mwana wamkazi dijeyi.

Nyimbo zake amati tekino. Mulibe woimba, mulibe mawu, ndi ng'oma yokhayokha, du du du, ngati munthu akukhoma denga osapuma. Iye amaima kuseri kwa makina ake n'kumapotoza timabatani, kulumikiza nyimbo ina ku inzake mwakuti sudziwa pomwe yoyamba yathera. Poyamba ndinkati ndi phokoso chabe. Nditamvetsera mmene amalumikizira, osasiya mpata ngakhale wolowa tsitsi, ndinavomera kuti iyi ndi ntchito ya manja ngati yanga yomwe.

Mwini holo ina m'tauni anamupatsa masana a Lamlungu lililonse kwa mwezi umodzi kuti amuyese. Matabwa a pansi pa holoyo ndinakhoma ndine, ndipo nsanja yoimapo mwanayo ndinapanganso ndine. Mwini holo anati ikhale yaitali yofika m'chiuno, dijeyi azioneka. Ndinavomera ndi manja awiri. Ndani safuna kuti mwana wake aoneke?

Masabata atatu anthu anabwera ndithu. Ankaunjikana kutsogolo, maso onse pa iye, mafoni m'mwamba, ali chilili ngati akudikira basi. Ine ndinkakhala pampando kumbuyo, mtima uli mbee.

Titabwerako Lamlungu lachitatu, mwanayo anandipeza m'shedi momwe ndimagwirira ntchito. Anakhala pabenchi osapukuta n'komwe utuchi.

"Adadi, Lamlungu likubwerali ndi lomaliza. Makinawa ndigulitsa."

"Iwe, wapenga? Chigulu chonse chija?"

"Sakuvina."

"Akukuonera. Si ulemu umenewo? Ine ndikuphunzira ntchito, abwana anga akamapala thabwa ndinkaima duu, osaphethira. Munthu akamagwira ntchito yabwino umaima n'kuonera."

"Mutapanga mpando, adadi, anthu n'kumangouzungulira, kuujambula, osakhalapo ngakhale mmodzi, mungati mwapanga mpando?"

Ndinayamba kufunafuna pensulo yomwe inali pakhutu panga.

"Ine ndimayang'ana mapazi," anapitiriza. "Mapazi ndi amene amandiuza nyimbo yoti ndiike. Akangoima ndimangolota. Ndiye maso aja akati dwii pa ine, manja amayamba kunjenjemera. Lero ndalakwitsa kawiri."

"Ine sindinamve."

"Ine ndamva."

M'mawa mwake ndinapita kwa mwini holo kukapempha kuti nsanja ija ndiifupikitse. Anakana, akumwetulira ngati akundipatsa mphatso.

"A Kalipentala, zithunzi zomwe amajambula pamafoni zija ndi zimene zikubweretsa anthu. Kaya avina kaya agona, bola alowe. Ndipo ena amati nyimbo zimenezi n'zomvetsera, si zodumphira ngati ana a sukulu."

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, makamaka chifukwa dzulo lake ndinalankhula zofanana ndi zomwezo. Nditamufotokozera mkazi wanga, sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Ndiye mukavine inuyo, bambo. Munabala dijeyi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Lamlungu lomaliza zinayamba monga mwa masiku onse. Dzuwa linkalowa pa mazenera a m'mwamba, anthu aunjikana kutsogolo, pakati pa holo pali pululu, matabwa anga akungowala. Ulendo uno sindinayang'ane gulu, ndinayang'ana mwana wanga. Nthawi ndi nthawi ankasuzumira pansi pa nsanja kufunafuna mapazi, kenako n'kubweza mutu pa makina. Kachitatu anapukuta manja pa malaya. Zinandipweteka kwambiri.

Kenako nanenso ndinayang'ana mapazi. Mtsikana wina wa chikwama chofiira chidendene chake chinkagunda pansi mobisa. Mnyamata wamtali pambali pake bondo linkamuthawa, iye n'kumalibweza. Anthuwa ankafuna, koma aliyense ankadikira mnzake. Manyazi basi.

Kuvina sinditha, izo ndanena kale. Koma kuyesa matabwa ndimatha. Umaponda ndi chidendene kawiri, kumvetsera, kusuntha phazi limodzi, kupondanso. Ndinadzuka. Mwini holo anali pakhomo, ndipo ndinamukuwira m'khutu.

"Pali thabwa likulira pakati apo."

"Panopa, a Kalipentala?"

"Panopa. Mukufuna munthu athyoke mwendo?"

Ndinapita pakati penipeni, n'kufulatira nsanja. Manja kumbuyo, mutu pansi. Du du, kusuntha. Du du, kusuntha. Ng'oma ija inkagunda pomwe chidendene changa chinkagunda, kaya ndine ndinkaitsatira kaya ndiyo inkanditsatira. Anthu anayamba kucheuka. Mafoni aja anatembenukira kwa ine, mdala wa imvi wa pensulo pakhutu, ndipo ndinalakalaka thabwa litathyokadi ndilowe pansi.

Mtsikana wa chikwama chofiira ndi amene anandipulumutsa. Anabwera akuseka, n'kuika manja kumbuyo ngati ine, n'kuyamba kuponda. Wamtali uja anatsatira. Kenako asanu, kenako khumi. Munthu sungaponde bwino uku ukujambula, choncho mafoni anayamba kulowa m'matumba.

Bondo langa lakumanzere ndi lovuta, ndipo linayamba kudandaula. Pomwepo ndinamva nyimbo ikutsika liwiro pang'ono, pang'ono zedi, moti wina aliyense sakanadziwa. Ine ndinadziwa. Mwanayo ankaona mapazi anga. Kenako anachotsa ng'oma yonse, n'kutisiya tikuponda tokha pa matabwa, tikudikira. Ataibweza, holo yonse inakuwa, pansi pakugwedezeka mmene ndinafunira tsiku lomwe ndinkayala mitanda yake.

Ndinacheuka kamodzi kokha. Panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana mwana wanga. Iye anali atawerama pa makina, mutu ukugwedezeka, manja ali phee, akumwetulira yekha.

Pomaliza ndinamuthandiza kunyamula mabokosi kupita nawo pamsewu, ndikutsimphina. Mwini holo anatidutsa akuti mwezi wamawa malo alipo ngati dijeyi akufuna. Mwanayo anadikira mpaka mwini holoyo atapita.

"Thabwa lija mwalipeza, adadi?"

"Silinapezeke."

"Pansi paja munakhoma nokha. Palibe thabwa lingalire."

"Ndati silinapezeke. Mwina ndidzabwerenso Lamlungu kudzalifuna, ngati kudzakhale nyimbo."

Anayang'ana bokosi la makina lomwe ankati agulitsa. Kenako analipukuta fumbi ndi mkono wa malaya.

"Mudzavale nsapato zofewa," anatero.