Madzi a M'ndowa Yakuseri kwa Shopu

M'kashopu ka fotokope munkazizira ngati m'firiji, koma mapepala ankangomatana. Mayi mwini shopuyo akawaika m'makina, ankatuluka awiriawiri, ena n'kukodwa m'kati. Kunja kunali kutentha kwa thukuta losauma, koma iwo ankagwira ntchito atavala juzi.

Mlamu wawo, yemwe anawagulira eyakoni yaikulu yoziziritsa m'shopumo, anaitana makaniko. Makanikoyo anakhudza khoma, n'kufikisa pepala limodzi ndi zala.

"Yakula kwambiri, mayi. Ikuziziritsa msanga n'kuzima isanachotse chinyezi."

"Ndiye kuti yaonongeka?"

"Ayi, ili bwinobwino."

"Nanga vuto n'chiyani?"

"Mphamvu zachuluka."

Mayiwo anayang'ana mlamu wawo, mlamuyo n'kuyang'ana kudenga. Makaniko uja anatenga rimoti, anachepetsa liwiro la fani, kenaka anadina batani lokhala ndi chithunzi cha dontho la madzi. Anati asamaigwiregwire, n'kumapita.

M'mawa mwake mayiwo anapeza kapaipi ka eyakoni kakuseri kwa shopu kakudontha mosalekeza, pansi pali matope.

"Mlamu, wationongera munthu uja! Dzulo sikankatero."

Mlamuyo anatseka kapaipiko ndi kansanza, n'kumangapo waya. Pofika masana madzi anayamba kuyenderera pakhoma m'kati, kulunjika pa shelefu ya maenvelopu. Mayiwo anaimbira makaniko uja foni.

"Chotsani nsanzayo!" anakuwa makaniko. "Kudonthako ndiye kugwira ntchito kwake."

"Dzulo mumati ili bwino pomwe imationongera mapepala. Lero ikudontha, mukutinso ili bwino. Madziwa akuchokera kuti? Ife kuno tilibe mpopi."

"M'chipinda mwanumo. Mumpweya."

Mayiwo anaunguzaunguza. Munali makina, mpando, shelefu ndi mlamu atagwira mopu. Anatambasula dzanja m'mwamba, n'kulibweza lili louma.

Nsanza anachotsa ndithu, n'kutchera ndowa. Patapita masiku, mapepala anayamba kutuluka limodzilimodzi, akulira phwaphwa ngati atsopano. Ndowa ija inkadzaza tsiku ndi tsiku, ndipo mayiwo ankaima n'kumaiyang'ana asanakataye.

Tsiku lina telala wa shopu yoyandikana nayo anabwera ndi botolo, akufuna madzi othira mu ayironi.

"Ndi abwino amenewa, anzanga?"

"Kaya," anayankha mayiwo, akumuthirira pang'onopang'ono. "Akuti ndi omwe timapuma ine ndi alamu anga. Mukasita zovala za eni, musanditchule."