Mpando wa M'galimoto ya a Stan

Dwight anali atalowetsa kale mwendo umodzi m'galimotomo pamene anazindikira kuti thupi lonse silitsatira. Anakankha, napuma, nakankhanso, koma chiuno chinakana.

"Tuluka usanang'ambe buluku," anatero mchemwali wake Carla. "Zakudya za pamaliro zija zakukhala bwino, eti?"

Bambo awo, a Stan Rybicki, anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo. Atapuma ntchito kufakitale ina ya magalimoto ku Detroit, anathera zaka zawo zonse m'galaja akumanga chinthu chimodzi ichi: galimoto yofiira, yongolekeza m'chiuno, injini ili kumbuyo kwa mipando. Anzawo ankawaseka kuti imfa idzawapeza galimotoyo isanayende. Zinaterodi, ndipo zimenezi zinkaliwawa banjali koopsa.

Kubwalo la mpikisano wa magalimoto munthu wawo akamwalira, galimoto yake imazungulira kamodzi, anthu ataimirira, zipewa zili m'manja. Tsiku la a Stan linali Loweruka. Injini inkalira bwinobwino, koma woyendetsa ndiye panalibe. Mpando wake unali wosasuntha, woumbidwa ndi thovu lija limauma potsata thupi la munthu mmodzi. Nayenso Carla anali atalephera, maondo akugunda chiwongolero.

"Tingoikweza pangolo, tikaikankha pabwalopo," anatero Dwight.

"Kuikankha? Pamaso pa madala anzawo aja? Adadi ankati galimoto yopita kumpikisano pangolo ndi chidole. Idziyendere yokha pamsewu, ikafike, ithamange."

"Ndiye chotsa mpandowo."

"Anaumatirira kuchitsulo, wanzeru iwe!"

Mayi awo, a Marlene, analowa ndi makapu a khofi. Anali mayi wamng'ono thupi, wosachedwa kukalipa, ndipo galimotoyi ankaitchula kuti mkazi mnzawo. Anausuzumira mpando uja.

"Nkhalamba yabodza ija," anatero pansipansi. "Chaka china m'nyengo yachisanu inandikhazika pathumba la thovu lofunda, ati ndiithandize kuyesa ngati likuuma. Ndinaitukwana tsiku lonse chifukwa cha siketi yanga."

Anapatsira Carla makapu, navula nsapato zazitali, nalowa. Msana unakhazikika, mapazi anapeza kilatchi ndi mabuleki, dzanja linangogwera pagiya.

"Amayi, mungaithe imeneyi?" anafunsa Dwight.

"Iwe, bambo ako anandipeza ndikupikisana pabwalo lafumbi, ndipo ndinawasiya m'mbuyo. Ndinaleka nditatenga mimba yako. Tsekula geti."

Loweruka galimotoyo inadziyendera. Inadutsa pasitolo ya mankhwala, inaima pamaloboti ngati galimoto ina iliyonse, oyendetsa mathiraki akusuzumira pansi n'kuona gogo waimvi atagwira chiwongolero. Ana awo ankatsatira m'mbuyo, Dwight akupemphera mokweza.

Pabwalo madala aja anavula zipewa. Ulendo wa maliro umayendedwa pang'onopang'ono, ndipo a Marlene anaulemekeza mpaka pakona yomaliza. Atangoona msewu wowongoka, anaponda mafuta. Injini inabangula kumbuyo kwawo, mabenchi ananjenjemera, galimoto inadutsa pamaso pa anthu mwakuti ena sanathe n'kutembenuza khosi komwe. Sanaime. Anazungulira kachiwiri, ndipo ulendo uno sunali wa maliro ayi.

"Stan, galu iwe, unaimangadi!" anakuwa mdala wina amene ankaseka kwambiri kale, misozi ili chuchuchu, chipewa ataponya m'mwamba. Carla anakumbatira mchimwene wake, onse akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Kunena zoona, zinali zokoma kuziona.

A Marlene anaima kumapeto kwa bwalo n'kuzimitsa injini, koma sanatuluke msanga. Anayang'ana mpando winawo, wa wokwera, umene palibe anali ataulabadira. Unali wotakata, wozama, woumbidwa potsata msana waukulu ndi mapewa amene iwo ankawadziwa bwino. Mwamunayo anali atadziumbira malo ake pamenepo, pambali.

Anaika dzanja m'dzenje la msanalo nalisisita.

"Ndakuthamangitsa kwambiri, bambo?" anafunsa.