Mzere Umodzi, Fayilo Imodzi

"Imodziimodzi? Aaa, tikhoza kukalamba tili pano," anatero Injiniya akutsegula laputopu patebulo la apongozi ake aakazi. "Ine ndimangolemba mzere umodzi, zonse zimasintha zokha."

Uinjiniya wake unali wa pakamwa. Dzinalo anamupatsa ndi mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, tsiku lomwe anakonza rimoti pongosintha mabatire. Koma masana amenewa ntchito inali yeniyeni. Pa memori kadi panali mafayilo 84 a mawu a malemu apongozi aamuna, omwe ankakonda kudzijambula akuimba ndi kucheza ndi ana. Mafayilowo anali a WAV, pomwe kafoni ka amayi kankangoimba MP3. Kwina kulikonse mawuwo kunalibe.

"Alamu, bwanji muyambe mwakopera pena?" anafunsa mlamuyo.

"Kukopera n'kwa ophunzira."

"Ehe! Safunsa anadya phula."

Injiniya anaseka n'kutsegula sikirini yakuda yopanda zithunzi, yomwe ankaikonda chifukwa inkaopsa anthu. Analemba lamulo loti kompyuta itenge fayilo iliyonse, iisandutse MP3, kenako ifufute yakaleyo kuti kadi isadzaze. Batani analidina ndi chala chimodzi, nkhope ili kumbali. Malembo anayamba kuthamanga okha.

Ataima, anatsegula foda. Munali fayilo imodzi yokha.

Anawerenganso mzere wake ndipo anapaona pomwe panalakwika. M'malo moti fayilo iliyonse ituluke ndi dzina lakelake, iye analemba dzina limodzi. Yatsopano iliyonse inkagwera pa inzake n'kuifafaniza, uku zakale zikufufutidwa. Analimbana ndi pulogalamu yobwezeretsa mafayilo kwa ola lathunthu, koma inangotulutsa tizidutswa tosokosera.

"Zatheka, a Injiniya?" amayi anafunsa ali pakhomo, akupukuta m'manja. M'banja lonselo ndi iwo okha amene ankatchula dzinalo popanda nthabwala.

Bodza linali kale pamilomo. Akanatha kunena kuti kadiyo ndi yakale, kapena kuti munali vairasi, amayi akanakhulupirira. Anayang'ana mlamu wake. Mlamu wapakamwa uja anangozyolika, maso pansi. Manyazi anamugwira Injiniya mpaka makutu kutentha. Bola akanamuseka!

Anatsika pampando n'kunjuta.

"Amayi, ndalakwa ndine. Ndinauzidwa kuti ndikopere kaye, ndinakana. Mawu a bambo ndawafufuta. Yatsala fayilo imodzi."

Amayi anakhala pansi pang'onopang'ono, kansalu kali m'manja.

"Imodzi?"

"Imodzi, amayi."

"Tiimve."

Munayamba kumveka mpando ukukokedwa, kenako chifuwa. Ndiye mawu aja, amoyo ngati mwini wake ali m'chipinda chinacho: "Kodi chikujambula chimenechi? Make mwana, tabwerani muone, kagetsi kofiira sikakuyaka." Chapatali m'fayilomo amayi ankamveka akuseka. Basi, inathera pomwepo. Nyimbo munalibe.

Mlamu anatseka pakamwa ndi dzanja, misozi ili mbwembwembwe. Amayi sanalire. Anaipempha kachiwiri, ndi kachitatu, Injiniya ali chinjutire, kulakalaka nthaka itang'ambika.

"Madzi akatayika saoleka," anatero amayi pomaliza. "Imeneyo ilowe mufoni yanga."

Injiniya anadzuka msangamsanga n'kutambasula dzanja kuti atenge foniyo.

"Ayi, apongozi," amayi anatero mwaulemu wonse. "Inu pumulani. Aike mlamu wanu."

Injiniya anakankhira laputopu kwa mlamu wake, iye n'kukaima pafupi ndi chitseko, manja kumbuyo.