Mazira a M'nyengo Yosala

Nesma ankadzuka dzuwa lisanayambe kuwotcha, n'kutenga kiyi amene ankamubisa m'chitini cha tiyi, n'kudutsa osavala nsapato kupita ku chitseko choyang'anizana ndi chawo. Akalowa ankatsegula mawindo, kuyatsa wailesi, kuyanika pakhonde malaya amizeremizere amene panalibe munthu anawavala, kenako n'kutsitsa dengu pa chingwe, monga ankachitira aliyense wa nyumba zosanja za ku Shubra akafuna chakudya cham'mawa. Dengulo linkatsika likuzungulira, mwini golosale wa pansi n'kuikamo buledi, mazira ndi tchizi, iye n'kulikoka mutu wake usakuoneka.

Nyumbayo inali ya Ustaz Wadie, mphunzitsi wopuma amene anamudziwa Nesma akukwawa. Nthawi yozizira nkhalambayo inaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo tsopano inali kunyumba ya okalamba ya masisitere, kutsidya kwa mtsinje. Kubwerera sikunali kophweka. Chikepe cha nyumba yosanjayo chinafa kalekale, ndipo mwini wake, Hagg Metwalli, ankati sangakonze chikepe kuti chizinyamula anthu olipira lendi ya nthawi ya malemu bambo ake.

Chaka chimenecho khonsolo ya mzinda inatulutsa dongosolo lake. Nkhalamba zokhala m'nyumba za lendi yakale zisachotsedwe, lendi yawo izikwera pang'onopang'ono. Koma nyumba iliyonse yopezeka yotseka, yopanda wogonamo, ibwerere kwa mwini wake. N'chifukwa chake wailesi ya Ustaz Wadie inkaimba m'mawa uliwonse, ndipo mazira ake ankadyedwa ndi mayi a Nesma.

Ndiye kunabwera mnyamata wa jekete lofiirira. Ankaima tsidya lina la msewu, pafupi ndi sitolo ya mankhwala, manja m'matumba, maso kumwamba. Tsiku loyamba Nesma anaganiza kuti akudikira basi. Tsiku lotsatira anaona kuti mabasi akumudutsa. Kuchokera pamenepo tulo take tinayamba kuchepa. Anamupangira mayina, anamupangira ntchito, anamupangira ngakhale mayi odwaladwala amene ankawasamalira. Ankati akafika kuseri kwa katani ya Ustaz Wadie, mtima unkamuthamanga kawiri: kuopa kugwidwa, ndi kufuna kuonedwa.

"Wayamba kudzola milomo pokayanika zovala za nkhalamba?" anafunsa mayi ake, a Fawzeya, akuswa dzira.

"Milomo yanga ikuuma, Amayi."

"Ikuuma m'mawa wokhawokha. Madzulo imanyowa yokha."

M'mawa wina atakoka dengu anasuzumira pansi, koma pafupi ndi sitolo ya mankhwala panalibe munthu. Anakhala kaye pamenepo, atakhumudwa ngati wina waswa pangano. Kenako chitseko chinagogodedwa.

Anangoima, dengu lili m'manja. Chinagogodedwanso, modekha, ngati wogogodayo ali ndi tsiku lonse. Atatsegula pang'ono anaona jekete lofiirira, ndi nkhope yothodwa ndi masitepe.

"Dzina langa ndine Bishoy, ndachokera ku komiti ya khonsolo yoona za lendi. Ustaz Wadie alipo?"

"Akusamba."

"Ndiwadikira."

"Amachedwa kwambiri."

"Ndaona. Anayamba kusambako nthawi yozizira, eti?"

Nesma anagwira chitseko mwamphamvu. Mnyamatayo sanayese kulowa. Anangoyang'ana dengu limene linali m'dzanja lake, ndipo pamene ankapukuta thukuta, Nesma anaona kamtanda kobiriwira kodindidwa pamkono pake.

"Achemwali, zovala mumayanika bwino. Wailesi nayo ili pamalo pake. Koma tili m'nyengo yosala, Pasaka sanafike. Ife Akhristu a kuno sitikhudza dzira, mkaka kapena nyama. Ustaz Wadie anandikokapo khutu pakhomo la tchalitchi ndili mwana, chifukwa cha bisiketi imodzi yamkaka. Ndiye munthu ameneyo ndimuone akugula mazira ndi tchizi tsiku ndi tsiku, msewu wonse ukuona?"

Nkhope ya Nesma inatentha. Ramadani ankaidziwa ngati chikhatho chake. Kusala kwa anansi ake ankangokumva ngati belu lakutali. Ndipo pansi pa manyaziwo panali china chowawa kwambiri: masiku onse aja munthuyu ankayang'ana dengu.

"Mwawauza kale?" anafunsa.

"Amene anabwera kudzatiuza kuti muno mulibe munthu ndi Hagg Metwalli. Ine anangondituma kudzaona."

"Akudwala. Sanathawe, sanasamuke, akungodwala basi. Mukalemba kuti n'kotseka, akachira apita kuti?"

"Bodza sindingalembe." Anayang'ana masitepe, n'kutsitsa mawu. "Komanso lero sindinabwere ndi cholembera. Lachinayi m'mawa komiti yonse ikwera kuno. Idzalemba chimene idzaone ndi maso. Malaya sawerengedwa."

Anatsika osatsanzika. Nesma anamvetsera nsapato zake mpaka zinazimiririka.

Tsiku limenelo sanakhazikike. Anatsuka mbale zotsuka kale, anayamba kusoka n'kusiya, anatuluka pakhonde n'kubwerera. Masana anakwera sitima ya pansi panthaka kupita kwa masisitere.

Anawapeza Ustaz Wadie pabwalo, pansi pa mtengo wa mandimu, miyendo itafundidwa bulangete. Anali ataonda, koma maso anali omwe aja. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsokomola.

"Mazira! Mwana iwe, wandichimwitsa pamaso pa Shubra yense. Ndipo adya ndani?"

"Amayi."

"Ndiye machimowo ndi awo."

"Amalume, si zoseka. Lachinayi akufuna kuona munthu."

Nkhalambayo inasiya kuseka. Inasisita bulangete, n'kuyang'ana masisitere awiri amene ankaanula nsalu.

"Dokotala akuti masitepe ndisawayerekeze n'komwe. Mwana wanga ku Canada akuti ndiisiye nyumbayo, kuno amandisamala. Ndipo n'zoona, amandisamala. Amanditcha agogo, amandidulira buledi tizidutswa ngati akudyetsa nkhunda." Inatembenukira kwa Nesma. "Ukudziwa kuti ndikakwera kuja, basi ndakwera?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo amene azivutika ndi ine ndi iwe ndi mayi ako. Kunditembenuza, kundisambitsa. Iwe ndiwe mtsikana, uli ndi zako."

"Ndilibe zanga," anatero Nesma, ndipo mawuwo anatuluka owawa kuposa mmene ankafunira.

Ustaz Wadie anamuyang'anitsitsa. "Kapeze anthu amphamvu. Ndipo mpando ukhale wamatabwa, osati tapulasitiki tija."

Lachinayi linacha ndi fumbi. Mphepo yotentha inkauluza mapepala mumsewu, thambo lili lachikasu. Takisi inachedwa kubwera, ndipo itabwera inakodwa pamlatho pakati pa malole ndi mahutala. Nesma ankangoyang'ana kutsogolo, ngati maso ake angakankhe magalimoto. Nkhalambayo inakhala pambali pake, itavala suti yakuda imene tsopano inali yaikulu.

Pakhomo la nyumba yosanja anapeza Shehata, wogulitsa gasi, amene moyo wake wonse unali wokweza masilinda pamapewa, ndi Ragab, wosita zovala wa pakona. Mpando unali pakati pawo. Mlonda wa pakhomo, munthu wa Hagg Metwalli, anangowayang'ana n'kutulutsa foni.

"Ustaz, mwalandiridwa," anatero Shehata. "Musaope, silinda sindinagwetsepo."

"Silinda silikuwa ukaliwombetsa pakhoma. Ine ndikuwa."

Anayamba kukwera. Shehata anagwira kumbuyo, Ragab miyendo yakutsogolo, Nesma akutsogola chafutambuyo, akuwauza pokhota. Masitepe anali opapatiza, ndipo pakona iliyonse ankayenera kupendeketsa mpando. Nkhalambayo inatseka maso, milomo ikuyenda. Zitseko zinkatseguka, amayi n'kusuzumira, ena kudalitsa, ena kulangiza.

Ali chapakati, Ragab anabuula n'kutsitsa mbali yake.

"Msana. Wandigwira."

"Iwe umanyamula ayironi tsiku lonse," anatero Shehata.

"Ayironi ilibe mafupa a mphunzitsi. Awa adya mabuku."

Anayesanso, koma anangokhala pansi, nkhope itatuwa. Nesma anagwira miyendo ya mpando yekha. Anakwera masitepe ochepa, mpando n'kupendekera, Ustaz Wadie n'kuluma mlomo osatulutsa mawu. Anautsitsa. Pansi, kudzera pawindo losweka la masitepe, anaona galimoto yoyera ya khonsolo ikufuna poima.

Kenako anamva munthu akukwera mothamanga.

Bishoy anaima atawaona. Anayang'ana nkhalamba, anayang'ana pansi pomwe anachokera.

"Madam Sawsan, mkulu wa komiti, ayamba ndi nyumba za pansi," anatero. "Amayenda pang'onopang'ono. Ine akuti ndatsogola kudzaona ngati masitepe ndi abwino."

"Ndi oipa," anatero Ustaz Wadie, akutsegula diso limodzi. "Iwe si mwana wa Morcos, wa bisiketi?"

"Ndine, Ustaz."

"Wakula, koma makutu ndi omwe aja."

Bishoy anavula jekete n'kupatsa Nesma. Pamene ankawerama kugwira miyendo ya mpando, Nesma anaona mphete yasiliva pachala cha dzanja lamanja, dzanja la amene ali pa chitomero. Anakumbatira jeketelo n'kutsogola, akuwauza pokhota, mawu ake ali bwinobwino ngati a munthu wina.

Anafika pamwamba onse atanyowa. A Fawzeya anali atatsegula kale, ndipo anamukhazika nkhalambayo pa mpando wake waukulu pafupi ndi windo. Bishoy anatenga jekete lake, anapukuta nkhope, n'kutsika kukakumana ndi anzake. Shehata anazemba ndi mpando wamatabwa kulowa nawo kwa a Fawzeya.

Komiti inafika ikupuma movutikira. Madam Sawsan anali mayi wonenepa wa magalasi, ndipo asananene chilichonse anakhala pansi n'kupempha madzi. Kumbuyo kwawo kunali Bishoy, nkhope ili ngati sanalowepo m'nyumbamo, ndi Hagg Metwalli mwini wake, amene mkwiyo unamukweza masitepe amene anali asanawaponde kwa zaka.

"Chinyengo ichi, Madam," anatero Hagg. "Munthuyu abwera naye lero lomwe. Mlonda wanga waona. Muoneni thukuta."

Nesma anaima pakhoma, manja kumbuyo. Anali atakonza mabodza angapo m'takisi muja, koma onse anamuthawa.

Madam Sawsan anamaliza madzi awo. "Ustaz, ndi zoona?"

"Ndi zoona, mwana wanga. Ndabwera lero. Ndinathyoka chiuno, ndinali kwa masisitere. Ndikanabwera kale chikhala kuti chikepe cha Hagg chimadziwa ntchito yake."

"Mwamva nokha," anatero Hagg. "Inu mukangotsika, amubweza."

Madam Sawsan anavula magalasi. "Funso langa ndi limenelo. Dongosololi ndi la anthu okhalamo, osati obwera kudzaonetsa nkhope. Mubwerera kwa masisitere?"

Ustaz Wadie anayang'ana chithunzi cha malemu mkazi wake pakhoma, kenako mayiyo.

"Masitepewo mwawakwera nokha, ndipo inu miyendo yanu ndi yonse. Ine muno ndidzatsikamo kamodzi kokha. Ndipo tsiku limenelo onyamula sadzavutika ndi kudandaula kwanga."

Mphepo inkagwedeza zitseko za mawindo. Hagg Metwalli anayang'ana pansi. Anali wa msinkhu umodzi ndi Ustaz Wadie, ndipo nayenso masitepe aja anali atamutopetsa.

Madam Sawsan anabweza magalasi. "Bishoy, lemba kuti mukukhala munthu. Hagg, titsikire limodzi, mundigwire mkono. Tikambe za chikepe chanu m'njira."

Anatuluka mmodzimmodzi. Bishoy anali womaliza. Pakhomo anatembenuka, n'kuweramitsa mutu kwa nkhalambayo, kenako kwa Nesma.

"Mawa tiyamba msewu wina," anatero. "Tsalani bwino, achemwali."

"Pitani bwino."

Nesma anaima pakhomopo kanthawi, osadziwa ngati akufuna kulira kapena kugona. Kumbuyo kwake nkhalambayo inkayesa kusuntha mwendo, ikupuma mwamphamvu.

"Nesma, mwana wanga, usangoima. Chiunochi chayamba kundiuza zonse zimene chinasunga pamasitepe paja. Bwera undithandize, tione ngati bedi langa likundikumbukira."

Anatseka chitseko n'kupita kukawagwira m'khwapa.