Dimba langa ndi ulendo wa ku Kazakhstan

Amuna anga, a Rafaelo, ndi khukhi wa Mgiriki wina ku Lilongwe, a Sitavulo. Lachitatu masana anatulukira kwathu ku Kabwazi pa galimoto ya bwana wawoyo, pasipoti ikusuzumira m'thumba la malaya.

"Magadalena, ndikupita ku Kazakhstan," anatero. "Dziko la abwana limagula mafuta a galimoto kumeneko, ndiye Agiriki nawonso akupititsako katundu wawo. Abwana akukatsegula sitolo, ndipo sadya chophika munthu wina."

"Liti?"

"Loweruka. Zaka ziwiri zokha."

"Amalume mwawauza?"

Anayang'ana nsapato zawo.

Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, sangonyamuka ngati wakwera minibasi pa Chimbiya. Dimba la kachewere anandipatsa ndi amalume anga, a Dominiko, poona kuti pali mwamuna wolilima. Mng'ono wanga Linda wakhala akulisirira zaka zitatu.

Amalume anabwera osaitanidwa, Linda ali pambuyo. A Sitavulo, omwe anabwera limodzi ndi a Rafaelo, anawapatsa botolo la mafuta ophikira akwawo. Amalume analinunkhiza n'kuliika pansi.

"Mkamwini wapangana ndi mzungu, ine ndikumvera kwa ana," anatero. "Apite. Koma dimba silidikira ndege. Linda, udzayambe Lolemba."

"Amalume," ndinatero, "a Rafaelo anabwera muno ndi bulangeti lokha. Dimbalo mumaliona lobiriwira chifukwa cha ndani? Iwowa amadziwa kusenda kachewere, osati kulima."

Linda anaseka mwachipongwe. "Achemwali, mizere yonseyo nokha?"

"Loweruka m'mawa ndidzapeze mizere yatha," anatero amalume. "Ikapanda kutha, musadzandilirire."

Sindinakhalenso pansi. Lachinayi ndinalowa m'dimba mame asanaume, a Rafaelo akunditsata ndi khasu lobwereka. Pofika masana manja awo anali matuza okhaokha, mizere yawo yokhota ngati msewu wa ku Mayani. Ndinkachita kubwereza pomwe adutsa. Lachisanu ndinawalanda khasu.

"Pitani mukaphike uko, mukundichedwetsa."

Anatsanzika ali chilili pa mzere. Sindinawaperekeze.

Loweruka amalume anayenda dimba lonse mpaka kumtsinje. Anaponda mzere womaliza ndi chidendene, sunagumuke. Anayang'ana zikhatho zanga zotupa, kenako anatembenukira kwa Linda.

"Iwe ukudikira chiyani pano? Kalime kwako."