Miyala Yoyenda ya a Stafford

Pa 9 Epulo 1996, dokotala anabwera kunyumba kwa a Stafford ku Rockville kudzayeza ngati mutu wawo unkagwirabe ntchito. Chinamubweretsa ndi mzere umodzi umene ndinalemba ine.

Ndinali nditawasamalira miyezi isanu. Lamulo la ntchito yathu linali lakuti chachilendo chilichonse chimene wodwala wanena chilembedwe m'buku la tsiku ndi tsiku. Choncho atandiuza, ndikuwameta ndevu, kuti m'chipululu cha ku California muli miyala yoyenda yokha, ndinalemba kuti agogo ayamba kubwebweta. Mwana wawo Lorraine atawerenga, anawapezera malo kunyumba yosungira okalamba ku Germantown. Chimene chinatsala n'chakuti dokotala asaine.

M'mawa wa tsikulo, ndikufunafuna tayi m'kabati, ndinapeza katoni ya zithunzi. Pa zithunzipo panali nyanja youma, dothi long'ambikang'ambika, mwala waukulu ngati thumba la chimanga. Kumbuyo kwa mwalawo kunali mzere wautali wokhota, ngati pamene pakokedwa chinthu cholemera, koma popanda phazi la munthu kapena la nyama. Kuseri kwa chithunzi chilichonse analembako deti ndi mamita. Ndinatenga katoniyo n'kutuluka nayo.

Dokotala anawafunsa chaka, anayankha bwino. Tsiku analiphonya. Kenaka dokotalayo anatsegula buku langa lija.

Ndinaika katoni patebulo n'kunena kuti wolakwa ndine: a Stafford anali katswiri wa miyala, ndipo imeneyi anaiyeza zaka khumi ndi ziwiri.

"Edness, munalemba ndi dzanja lanu," anatero Lorraine osandiyang'ana.

Dokotala anaona zithunzi zitatu, n'kufunsa ngati anaionapo ikuyenda. A Stafford anati ayi, palibe munthu anaionapo. Ena amati ndi mphepo, ena amati madzi oundana. Koma iwo anaikapo chizindikiro pa miyala iwiri yoyandikana, ndipo pobwerera anapeza umodzi utapita kumpoto, unzake uli pomwepo.

"Ndiye chimaiyendetsa n'chiyani, bambo?"

Mumtima ndinawapempha kuti angonena mphepo. Yankho lililonse likanamveka bwino m'chipinda muja.

"Sindikudziwa," anatero mosathamanga. "Mulembe choncho."

Dokotala anatsitsira cholembera pa fomu. Kumunsi kunali timabokosi tiwiri, kena koti atsale pakhomo pawo, kena ka ku Germantown, ndipo dzanja lake linaphimba tonse. Anachonga, n'kutseka faelo.